Amalume a Reuben ndi Masewero a Dzulo

Amalume anga a Reuben Chinkhota amakonza zikepe m'nyumba zosanjikizana za mu Glasgow muno, ndipo chikepe chimene chikuyenda mwakachetechete sachikhulupirira. Amati chikamalira chimakhala chikukuuza pamene pakupweteka, koma chikangoti zii ndiye kuti pali chimene chabisa. Anthunso amawaona motero. Munthu akawapatsa moni wautali kwambiri, amalume amafika kunyumba akudzifunsabe kuti kodi ameneyu akufuna chiyani.

Ndinabwera kudzakhala nawo ku Dennistoun nditalemba mayeso a Fomu 4, chifukwa iwo ndi mayi anga ndi a bere limodzi. Tsiku loyamba, ndisanavule ndi jekete yomwe, ndinaona kuti kumunsi kwa TV ya pabalaza kwamatidwa chidutswa cha katoni ndi tepi yakuda. Ndinaganiza kuti galasi linasweka. Anti Agatha, akazi awo, anandiuza kuti TV ili bwinobwino, wodwala ndi mwini wake, ndipo matendawo dzina lake ndi bezibolo.

Bezibolo ndi masewero a ku America aja amene munthu mmodzi amaponya kampira koyera, wina n'kuyesa kukamenya ndi ndodo, akakamenya n'kuthamanga mozungulira bwalo. Amalume anawadziwa ali ku sekondale ku Dedza. Kunabwera mphunzitsi wa masamu wochokera ku Japan ali ndi thumba la magolovesi achikopa, ndipo akaweruka ankaphunzitsa anyamata kuponya ndi kuwakha kuseri kwa holo. Pochoka anawasiyira amalume chipewa cha timu ina ya ku America. Kuyambira pamenepo timuyo ndi yawo, ngakhale ku America sanapondeko. Dzina lake satchula pagulu. Amangoti anyamata athu, ndipo osewera ake anawapatsa okha maina achichewa.

Pali Kamanzere, woponya ndi dzanja lamanzere, amene amalume amamukonda ngati mwana wobala okha. Palinso Bwana Kontirakiti, chimunthu chojintcha chomenya mpira, amene timu inamusainitsa zaka zambirimbiri mawondo atayamba kale kudandaula. Ameneyu amalume sanamukhululukire. Amati chisainireni amathamanga ngati wasenza ndowa yodzaza, ndipo amene anamulembera kontirakitiyo ayenera kuti ndi apongozi ake. Zonena za akuluakulu a timu amazimva mozitembenuza. Akalengeza kuti wosewera wangopuma pang'ono, amalume amati chigongono chatha. Akanena kuti kochi akumukhulupirira ndi mtima wonse, amati wayamba kulongedza katundu. Kumapeto kwa Julaye, pamene matimu amasinthana osewera, chakudya sichilowa bwino, chifukwa amakhala otsimikiza kuti anyamata abwino aperekedwa n'kulandira nkhalamba zotsimphina.

Vuto ndi loti masewerowa amachitika Glasgow ili m'tulo, ndipo amalume amalawirira ku ntchito. Choncho amaonera mawa lake, ojambulidwa kale. Lamulo lawo ndi limodzi: asadziwe amene wapambana. Foni amaizimitsa n'kuitsekera m'kabati ya mbale. Katoni ija imabisa kamzere koyenda kumunsi kamene kamaulula nkhani za masewero. Mawu a TV amatseka, poti amati owulutsa aja amakondera matimu a m'mizinda ikuluikulu. Akatero, masewero a dzulo amasanduka a lero.

Kwa zaka zambiri ankaonera okha. Mwana wawo Chiko, wobadwira konkuno, amene ukamufunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi cha ku Glasgow chimene mpaka pano ndimachimva theka, amangodziwa mpira wamiyendo. Anti amati sangataye maola atatu kuonera azibambo akulavula malovu. Kutchalitchi, pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, amalume akayamba za Kamanzere anthu ankakumbukira mwadzidzidzi kuti basi yawo yatsala pang'ono.

Amene sanathawe anali a Goodwill. Iwowa amagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba ndipo amakhala okha ku Springburn. Akazi awo ndi ana ali ku Balaka, mapepala oti abwere akuchedwa. Ndi munthu wamfupi, wa mawu ofewa, wokonda kupukuta magalasi akasowa chonena. Anamvetsera amalume mpaka tiyi anazizira, ndipo Loweruka lotsatira anagogoda pakhomo pathu atakwera sitima kuchokera ku Springburn n'kutsikira pa Duke Street. Anagwirana chanza pa lamulo lija: masewero a Lachisanu aziwaonera limodzi Loweruka m'mawa, ndipo pakati ponsepo palibe woyang'ana foni.

Masabata oyambirira a Goodwill ankafunsa zambiri. Tsiku lina anafunsa chifukwa chimene womenya akupitira pamalo oyamba oimapo othamanga moyenda wede, chonsecho mpira sanaukhudze, kodi watopa? Amalume anaseka mpaka misozi, ndipo Lamulungu anakafotokoza pa tiyi kutchalitchi, anthu osadziwa n'komwe masewerowo n'kusekanso. A Goodwill anaseka nawo akupukuta magalasi. Zitatero mafunso anachepa. Pofika mu Ogasiti anali atayamba kunena maganizo awo.

Ndipo maganizowo ankalondola. Akanena kuti akuona ngati lero Kamanzere safika patali, m'chigawo chachitatu kochi ankatulukadi kudzamulanda mpira. Akanena kuti mnyamata watsopano amene anamukweza kuchokera ku timu yaing'ono uja si womupeputsa, mnyamatayo ankachitadi zoonetsa. Poyamba amalume ankanyadira. Ankauza anti kuti munthu akapeza mphunzitsi wabwino, miyezi yochepa imakwana.

Zinasintha Loweruka lina mu Seputembala. Ine ndinali pafupi ndi windo ndikupinda zovala. Masewero anali ozizira, palibe chochitika, woponya akungopukuta thukuta. A Goodwill anatsitsa kapu ya tiyi patebulo n'kusendera kutsogolo kwa sofa. Mpira wotsatirawo unamenyedwa n'kudumpha mpanda. Amalume sanakuwe monga amachitira. Maso awo anali pa kapu.

Mlendo atapita anandifunsa ngati ndinaona zimene anaona iwo. Ndinavomera. Ndinali nditaonanso china chimene sindinanene: masiku amene anyamata athu aluza, a Goodwill ankafika ndi madonati a pa Duke Street, ndipo masiku opambana ankafika chimanjamanja.

Anti anati nkhaniyi ndi yaing'ono, angowafunsa eni ake. Amalume anawayang'ana ngati atukwana. Anati munthu wamkulu, wa mpingo umodzi, amene wavula nsapato pakhomo pako ndi kumwa tiyi wako, sungamufunse maso ndi maso kuti kodi mukundinamiza. Ngati sakunama, mawuwo sungawabweze. Ngati akunama, wamuchititsa manyazi pamaso pa akazi ako. Anati pali njira yaulemu yodziwira zoona popanda kufunsa, ndipo aipeza.

Kuyambira pamenepo ankaonera masewero ndi diso limodzi, linalo lili pa mlendo: wakhala bwanji, wapita liti kuchimbudzi, wasiya liti kutafuna. A Goodwill akalondola, amalume ankati anaona kale. Akalakwitsa, ankati alakwitsa dala kuti asagwidwe. Komabe Loweruka lililonse amalume ankadzuka m'mawa kukonza mapilo a pa sofa, n'kumasuzumira pawindo nthawi ya sitima ikakwana. Panalibenso wina mu Glasgow yense amene akanakhala nawo pa sofa imeneyo, ndipo iwo ankadziwa.

Mu Okutobala anyamata athu analowa m'ndime yachipulula, ndipo anagwera timu imene amalume ankaiopa chiyambireni sizoni. Ankati omenya ake oopsa onse ndi akumanja, woponya wamanzere amamumeza osatafuna, ndipo amene anakonza kuti matimu awiriwa akumane anali ndi zolinga zake. Woyamba kupambana katatu ndi amene akanapitirira. Anapambana kawiri kawiri. Masewero omaliza anagwa Lachisanu, pabwalo la kwawo, woyamba kuponya ali Kamanzere. Anyamata athu anali asanadutsepo ndime imeneyi chichokereni Chiko m'matewera.

Lachisanulo ataweruka, amalume anafufuza m'masewero akale n'kupeza ena a mu Seputembala, a pakati pa sabata, amene a Goodwill sanaonere nawo: matimu omwewo, bwalo lomwelo, Kamanzere yemweyo. Anadula katoni ina n'kubisa ngodya ya TV pamene pamalembedwa za ndime. Anatiuza kuti aika akalewo kwa zigawo ziwiri zokha mwa zisanu ndi zinayi zimene masewero amakhala nazo. A Goodwill akapanda kuchita zachilendo, iwo adzati analakwitsa batani, n'kuika enieniwo, nkhani n'kuthera pomwepo. Anti anati zikavuta asawaitane kudzachitira umboni.

Loweruka kunacha ndi mvula yowaza. A Goodwill anafika chimanjamanja, nkhope ikuwala ngati alandira uthenga wa ku Balaka. Ine ndinathawira kukhitchini kuti amalume asandione kumaso, n'kubwerako nditanyamula tiyi.

"Lero, akulu, Bwana Kontirakiti achotsa manyazi," anatero a Goodwill akukhala pansi. "Ndikungomva m'thupimu."

"M'thupi mwanumo mumamveka zambiri, achimwene," anatero amalume, n'kuyatsa TV.

Chigawo choyamba chinadutsa, chachiwirinso chinadutsa. A Goodwill anali asananene chogwirika. Ndinaona chala cha amalume chikufika pa rimoti n'kuchokapo. Anali atafika pafupi kwambiri moti sakanatha kubwerera. Chachitatu a Goodwill ankangoyang'ana wotchi ndi kumwetulira okha.

M'chigawo chachinayi Bwana Kontirakiti anatulukira ndi ndodo yake. A Goodwill anatsitsa kapu, ndipo ulendo uno anaimirira. Bwana Kontirakiti anamenya mphepo koyamba, kachiwiri, kachitatu, n'kubwerera kukakhala pansi akukoka miyendo. A Goodwill anakhalabe chiimire. Anayang'ana TV, anayang'ana amalume, anavula magalasi n'kuwavalanso. Chigawocho chinatha popanda kanthu. Chachisanu chitayamba sanathenso kupirira.

"Tabwezani pang'ono, akulu. Mwina mwadumpha."

"Ndadumpha chiyani?"

"Pajatu anaudumphitsa mpanda m'chigawo chachinayi, atatu n'kumaliza kuzungulira bwalo nthawi imodzi. Ndi pomwe munapambanira."

Amalume anali atakonza mawu oti anene mbala ikagwidwa, ndinawamva akuwayeserera kubafa m'mawa uja. Koma sanaganize kuti munthu amene amugwirayo adzagwidwa zotsatira zili m'kamwa.

"Tinapambana?" anafunsa ndi mawu aang'ono, osakhala awo.

A Goodwill anagwira pakamwa. Kenako anafunsa ngati awa si masewero a dzulo, ndipo amalume anati ndi a mu Seputembala. Anaimitsa chithunzi n'kuloza ndi rimoti: mipando yopanda anthu kumtunda uko, ochemerera ovala malaya a manja aafupi, ana akudya aizikirimu. Anati masewero omaliza a chipulula bwalo limadzaza mpaka m'makwerero, anthu atavala majasi, onse chiimire. Munthu wodziwa bezibolo akanazindikira mpira woyamba usanaponyedwe.

"Kuona zotsatira ndinakukaikirani kale, achimwene," anatero amalume. "Koma miyezi yonseyi, kodi pa TV-pa mumaonapo chiyani?"

A Goodwill anakhala pansi pang'onopang'ono. Anati amaona anthu ovala zoyera ataimirira padzuwa. Anati amawerenga musitima, kuchokera ku Springburn kufika pa Duke Street, nkhani ya masewerowo ndi ndemanga za masapota pansi pake, n'kuloweza zimene angathe. Nthawi zina amatsika n'kukhala kaye pabenchi kuti amalize.

"Ndikafunsa, mumaseka. Ndikakhala chete, ndimaopa kuti munena kuti ndatopa nawo, musiye kundiitana. Loweruka ku Springburn ine ndimayankhula ndi ketulo, akulu."

A Goodwill anaimirira, anavala nsapato pakhomo osamanga zingwe. Anti anatuluka kukhitchini n'kuwauza kuti chakudya chapsa, adikire pang'ono. Iwo anathokoza, anati adya kale, n'kutsika masitepe. Aka kanali koyamba kuchoka m'nyumba mwathu osadya.

Masana ake amalume anaika masewero enieni aja n'kuonera okha. Bwalo linali lodzazadi, anthu akugwedeza timatawulo. M'chigawo chachinayi Bwana Kontirakiti anaumenya mpira uja, unakwera n'kukagwera m'khamu, osewera anzake n'kumuthamangira. Amalume anali chikhalire, manja ali pachifuwa. Anangoti woponya wa timu inayo anaupereka dala, ndipo wina afufuze. Chinthu chimene anachidikira zaka zonsezi chinadutsa pamaso pawo ngati nkhani za dzana.

Lamulungu a Goodwill anakhala mbali ina ya tchalitchi ndipo anatuluka tiyi asanathiridwe. Ndime yotsatira inayamba sabata yomweyo. Amalume ankaonera akaweruka, ndipo kangapo ndinawamva akuyamba kunena za kochi, kuti wasiyiranji kunja mnyamata watsopano uja, atatembenukira kumanzere kwa sofa, n'kudukiza pakati. Kwa ine ndi anti ankaumirira kuti iwo sanalakwe, sanafunse munthu funso lachipongwe, wadziulula yekha. Anti anawafunsa kuti tsono poti mbala mwaigwira, bambo a Chiko, yakubwezerani chiyani? Amalume anati tiyi walero wachepa shuga.

Lachinayi anafika mochedwa, ali ndi chikwama cha zipangizo. Anati anadutsira ku Springburn chifukwa anamva kuti chikepe cha m'nyumba imene mumakhala a Goodwill chikulira modabwitsa. Anti anawakumbutsa kuti nyumba imeneyo si ya kampani yawo, ndiponso a Goodwill amakhala pansi penipeni. Amalume anati chikepe ndi chikepe. Atasamba m'manja anangowonjezera kuti Loweruka tiyi akhale wa anthu awiri.

Zimene anagwirizana kumeneko ndinaziona Lowerukalo. A Goodwill atalowa n'kupereka moni, amalume anapita kukhitchini n'kubwerako ndi mpando wa patebulo lodyera, n'kuuika kumbuyo kwa sofa. A Goodwill anakhalapo osafunsa. Anti anandinong'oneza zimene anatola kwa amuna awo: musitima a Goodwill aziwerenga zonse zimene akufuna, ndipo afunse chilichonse popanda woseka, koma azikhala pamene amalume sangawaone nkhope. Tebulo loikapo kapu palibe, tiyi azingomugwira m'manja. Madonati ndi oletsedwa. Ndinadabwa kumva za madonati, poti ine sindinanene, koma anti anati amalume anaziona kalekale, ankangodikira umboni wina.

Masewero anayamba. Kuchokera kumbuyo kunkabwera mafunso, poyamba motsitsa, kenako momasuka: chifukwa chiyani wowakha amabisa zala pakati pa miyendo, chifukwa chiyani kochi wachotsa woponya amene akuchita bwino. Amalume ankayankha maso ali pa TV, ndipo pa la kochilo anayankha motalika, chifukwa iwonso ankaona kuti pali chimene chikubisidwa. Khutu lawo lokha ndi limene linali litapendekera kumbuyo.

M'chigawo chachisanu ndi chiwiri, matimu ali ofanana, Bwana Kontirakiti akupita kukamenya, a Goodwill anatsokomola. Amalume anaimitsa chithunzi osatembenuka.

"Chifuwa chimenecho n'cha chiyani, achimwene?"

"Ndi mtedza, akulu. Wandilowa pena."

"Mtedza."

Anakhala kanthawi chala chili pa rimoti, akumvetsera mmene munthu wa kumbuyoyo akupumira. Kenako anandiuza kuti ndichotse mbale ya mtedzayo ndiwapatse a Goodwill madzi, ndipo anadikira mpaka atameza n'kukhazikika asanayatsenso.